Kapeti ya Malemu Mwangonde

Sajenti Ipyana Kayange, wapolisi wofufuza milandu pa Karonga, anafika pasitolo ya Fahadi atakwiya kale. Tsikulo linali lake lopuma, koma kuyambira m'mawa ankangozungulira msika, dzuwa la Okutobala likumuwotcha paliwombo, kufunafuna kapeti. Osati yamanyado ayi. Simenti ya pabalaza m'nyumba yaboma imene ankakhala inang'ambika kalekale ndi chivomerezi, ndipo mwana wake, amene anali atangoyamba kukwawa, mawondo anali zilonda zokhazokha.

Koma abale, mitengo yake! Masitolo asanu analowa, ndipo monsemo anatuluka akutukwana chamumtima. Chinthu choyala pansi, chopondedwa ndi mapazi, mtengo kuposa malipiro a mwezi wathunthu? Chimene anapindula m'mawa umenewo n'kuloweza makapeti ngati wogulitsa: zazing'ono ndi zazikulu zomwe, iliyonse duwa lalikulu pakati penipeni ndi mzere wa timaluwa kuzungulira mbali zonse zinayi.

"Amayi, zatsopanozi zisiyeni," anatero Fahadi, mwamuna wa ku Mangochi amene anali atagulitsa pamsikapo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. "Ku Kyela, kutsidya kwa malire kumene timaoda, zakwera, nafenso takweza. Koma ndili nayo ina, yakale pang'ono, yolimba ngati chikopa. Imeneyo tigwirizana."

Anatulutsa mpukutu wofiirira n'kuyamba kuuyala pakhonde. Sanafike n'komwe pakati pamene mfuu inang'amba msika wonse.

"Mayo ine! Mayo, amuna anga!"

Mayi wovala zakuda kuyambira duku mpaka chitenje anadzigwetsa pakapetipo. Chala chake chinkaloza chipsera cha simbi yamakala chimene chinali pakona.

"Ndinawotcha ndine apa! Kapeti iyi ndi ya amuna anga, tinawaika nayo m'manda masabata atatu apitawa! Wafukula manda munthu uyu!"

Mawu akuti manda ku Karonga safuna kubwereza. Ogulitsa nthochi anasiya malichero, akabaza anagwetsa njinga, ndipo Fahadi asanatsegule n'komwe pakamwa, chidutswa cha njerwa chinamupeza pamwamba pa khutu. Magazi chuu pamkanjo woyera. Anthu omwewo amene dzulo ankamupatsa moni wa manja awiri ndi amene ankatola miyala.

Ipyana anamuimirira kutsogolo, chitupa chaupolisi m'mwamba.

"Woponyanso mwala agona m'chitolokosi lero, ndikulumbira pali amayi anga! Ndikukudziwani nonse mayina!"

Pamene galimoto ya polisi inkafika, mkazi wa Fahadi, Jamila, anali atatseka chitseko chachitsulo cha sitolo n'kudzikiyira m'kati. Anakana kwamtuwagalu kutuluka. Nyumba yawo inali kuseri kwa sitoloyo, ndipo zonse zimene anali nazo padziko zinali m'menemo.

*

Kupolisi, mayi wa zakuda uja anatchula dzina lake: Eliness Mwangonde wa ku Lupembe. Anabwera pa Boma kudzatenga kalata ya imfa kuchipatala. Misozi inali itauma, kwatsala ukali.

"Amuna anga ankagwira ntchito ku Kayelekera, mgodi uli moyo. Anagula zambiri nthawi imeneyo, mipando, filiji, wailesi yakanema. Mgodi utatsekedwa tinadya zonsezo chimodzichimodzi. Kapeti yokha anakana. Ali gone m'chipatala anandiuza kuti, Eliness, ndikafa mudzandiyalire kapeti yanga pansi pa bokosi. Tinachita zomwezo."

"Munaiona ndi maso anu ili m'manda?"

"Nanga ndikunama? Pondiitana kuti ndikaponye dothi ndinasuzumira. Inali pansi pa bokosi, kufiira kwake kukuoneka uku ndi uku."

"Anaiyala ndani?"

"Alamu anga, a Chakufwa, akulu awo a malemu. Ndiwo anayendetsa mwambo wonse. Ndawaimbira kale foni, akubwera ndi anthu."

Ipyana anangoluma mano. Moto uli kale lawilawi, mayi uyu akuitanitsa nkhuni.

M'chipinda china Fahadi anali atamangidwa bandeji kumutu, diso limodzi litatupa.

"Wallahi, amayi, kumanda kwa ku Lupembe sindikudziwa n'komwe kumene kwaloza. Ine maliro a kwathu timaika ndi nsalu yoyera basi, ndikatani m'manda a eni?"

"Kapeti munaipeza kuti?"

"Lachisanu masana ndinali kumzikiti. Anthu makumi angapo anandiona, kafunseni. Pobwera ndinapeza akazi anga agula. Timagula zakale nthawi zina, anthu akamasamuka. Ndinangoona kumsana kwake kuti njolimba, sindinaiyale yonse."

Kenako mawu ake anasintha.

"Ana anga onse anabadwira m'chipatala cha pano. Maliro a m'msika ndimasonkha nawo. Lero ndasanduka mfiti?"



*

Anabwerera kumsika n'kulowera kanjira ka kuseri. Jamila anayankhulira pazenera la mawaya, osatsegula.

"Anali mwamuna, wamkulu ndithu, thupi lodzaza. Nkhope sindinaione, chipewa cha njinga yamoto sanavule. Chichewa chake cha konkuno. Akuti tikusamuka, katundu wachuluka."

"Mtengo munakanganirana?"

"Ndi zimene zinandidabwitsa. Ndinatchula mtengo wachipongwe, woyambira chabe, iye n'kuvomera pompo. Munthu wa pa Karonga kuvomera mtengo woyamba? Komanso kapetiyo anaikulunga m'masaka, ndipo potsitsa ankaikankha ndi phazi, osafuna kuikhudza. Atamaliza anapempha madzi."

"Akumwa?"

"Osamba. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, kumaso, kenako mapazi. Ndinati kapena ndi Msilamu mnzathu akuthamangira swala, mapemphero athu, koma kasambidwe kake sikanali kathu."

Ipyana anakadziwa kasambidweko. Ndi mmene anthu akwawo amasambira pakhomo pa siwa akachokera kumanda. Wogulitsayo ankadziwa kumene kapeti inachokera, ndipo ankaiopa. Wakuba wozolowera kufukula manda angaope kansalu?

Kutsogolo kwa sitolo kunamveka lole ikuima, ndiponso phokoso la amuna ambiri. Ipyana anazungulira n'kupeza apolisi awiri amene anawasiya pakhomo atazingidwa. Patsogolo pa gululo panali bambo wadazi, wa jekete lakuda ngakhale kunkatentha chotero, chigubu chachikasu chili m'manja.

"Ndinu a Chakufwa Mwangonde?"

"Ndine amene. Inu ndi amene mukubisa mfiti?"

"Ine ndi amene ndikufufuza. Kapeti munaiyala ndinu m'manda?"

"Ndi manja awa. Yonse, mmene inalili. Ndipo ndinaima pomwepo mpaka simenti itathiridwa."

"Ndiye tiyeni tikapemphe chilolezo, tikatsegule manda tione ngati afukulidwadi."

Bamboyo anachita kudumpha.

"Asa! Mukufuna mumuvule mng'ono wanga kachiwiri? Palibe akhudze manda amenewo! Tipatseni kapeti tiitenthe pompano. Chinthu chimene chapita kumanda sichibwerera kwa amoyo, ngakhale mwana amadziwa. Ikakwana folo koloko musanaibweretse, titentha sitolo imene inaisunga, ndi zonse zili m'katimo."

"Muli munthu m'menemo."

"Atuluke. Akapanda kutuluka wasankha yekha."

Gulu linavomereza ndi mkuwe. Ipyana anayang'ana nthawi pafoni. Inali itangodutsa wani koloko, ndipo apolisi ambiri anali atapita ndi galimoto yaikulu kumalire ku Songwe.

*

Kuofesi anakankhira matebulo kukhoma n'kuyala kapeti yonse pansi, koyamba chiyambire m'mawa. Ananunkhiza. Fungo la utsi wa nkhuni linalipo, koma la dothi lonyowa ayi, la nkhungu ayi. Chinthu chogona pansi pa bokosi la maliro masabata atatu, kutentha kwa ku Karonga kuno, chingatuluke chonchi?

Anakwera pampando kuti aione bwino, ndipo m'pamene kuzungulira kwake kwa m'mawa kunamulipira. Duwa lalikulu silinali pakati. Linatsamira mbali imodzi. Mzere wa timaluwa unazungulira mbali zitatu, koma mbali yachinayi kunalibe. Anatsika n'kugwada. M'mphepete mwa mbali imeneyo munapindidwa bwinobwino n'kusokedwa ndi ulusi wobiriwira, wolimba, wa mfundo zing'onozing'ono zofanana. Umenewo sunali ulusi wa telala. Ipyana anakulira kwa amalume ake asodzi, mfundo za ukonde ankazidziwa ngati dzina lake.

Anadula kachidutswa ka ulusiwo, n'kulanda kiyi wa njinga yamoto kwa konsitabo amene ankadya chinangwa pakhomo.

Manda a Mwangonde ku Lupembe anawapeza ali bwinobwino. Simenti yosalala, popanda mng'alu ngakhale umodzi, nkhata zouma zili momwe anazisanjira. Ng'ombe zokha ndi zimene zinali zitapondaponda m'mbali. Mayi wina amene ankapeta mpunga pafupi anamulozera kwa mkulu wa okumba manda m'mudzimo, Lawi.

Anamupeza pansi pa mtengo wa mango, nkhalamba yowonda, ukonde uli pamiyendo. Ulusi umene unali kusingano yake unali wobiriwira.

"Mughonile, adada," anapereka moni Ipyana m'chinenero chawo.

"Ndagha, mwana wanga. Ndiwe wa kwa yani?"

"Ndine wa kupolisi." Anaika kachidutswa ka ulusi pabondo la nkhalambayo. "Anzanu onse akwera lole kupita ku Boma. Inu mwatsaliranji?"

"Miyendo, mwana wanga."

"Miyendo imene inakumba manda masabata atatu apitawa? Adada, ndilibe nthawi. Pa Boma pali mayi watsekeredwa m'sitolo, kunja kuli petulo. Akapsa, mudzanyamula mtembo wake pamutu panu mpaka tsiku lanu lomaliza. Mfundo izi ndi zanu kapena si zanu?"

Lawi anayang'ana ulusiwo. Singano inagwa m'manja.

"Tinalakwitsa ndife," anatero motsitsa. "Manda timayeza ndi bango. Timadula bango lofanana ndi bokosi m'litali, lina m'lifupi, n'kukumba motsatira. Ndi mmene timachitira chiyambire makolo. Za kapeti palibe anatiuza. M'mawa wa tsiku loika, a Chakufwa akubwera nayo paphewa, chinthu chachikulu ngati bwalo. Sinalowe. Dothi la mwezi uno ndi mwala, kukulitsa dzenje kukanatitengera tsiku lina, ndipo anthu anali atayamba kale nyimbo kunyumba."

"Ndiye?"

"Anatenga mpeni wanga n'kudula mbali imodzi, kachigawo kongokwana pansi pa bokosi. Kameneko tinayala. Atatsitsa bokosi, kufiira kunkaoneka m'mbali, aliyense n'kumati kapeti yonse ili pansi."

"Yotsalayo?"

"Anati akaitentha okha kuthengo, ife tisauze munthu, mayi wamasiye angasweke mtima. Tinavomera, manyazi anali athu. Patatha sabata akundipeza pompano, akuti Lawi, ndipenderere m'mphepetemu, yayamba kusosoka. Ndinati, kodi si ija ya kumanda? Akuti khala chete, munda umene ukulima ndi wa banja lathu." Nkhalambayo inapukuta m'maso ndi chikhatho. "Ankati alamu awo ali pachisoni, sangapite ku Boma mpaka chaka chithe."

Ipyana anapsa mtima. Munthu kumubera mng'ono wake wakufa, ndiye pofuna kubisa n'kunyamula petulo kukatentha mayi wosalakwa! Chimene Chakufwa ankafuna kuti chipse sichinali tsoka la kumanda ayi, unali umboni.

"Kwerani njinga, adada."

"Andilanda munda."

"Kwerani, ndisanakumangeni ndi ukonde wanu womwewu!"

*

Anafika pamsika kutatsala mphindi zochepa kuti ikwane folo, Lawi ali kumbuyo, kapeti imene anadzera kuitenga kupolisi itapingasa pakati pawo. Fungo la petulo linawachingamira patali. Chakufwa sanadikire nthawi yake yomwe. Khonde lonse la sitolo linali lonyowa, chitseko chikudontha, ndipo apolisi awiri aja anali atakankhidwira kumbali, wina chipewa chitagwa. Eliness anali chiimire kutsogolo kwa gulu, manja m'chiuno.

"Abweretsa!" anakuwa Chakufwa. "Ponyani pakhondepo, zipsere limodzi!"

Ipyana sanaponye. Anaiyala pakati pa msewu, yonse, n'kuimapo.

"Amayi a Mwangonde, bwerani kuno. Mwasesa kapeti iyi zaka zingati?"

"Zoposa khumi."

"Iyang'aneni yonse, osati chipsera chokha. Ndi mmene inalili?"

Eliness anayandikira monyinyirika. Anayenda mbali imodzi, n'kutembenuka, n'kuyenda ina. Anaima. Anawerama n'kugwira mpendero wa ulusi wobiriwira uja.

"Yachepa," anatero. "Duwali linali pakati. Mbali iyi ili kuti?"

"Ili pansi pa amuna anu, kumene munaiona. Manda ndawaona ndi maso anga, palibe wawakhudza. Adada Lawi, auzeni anthuwa zimene mwandiuza."

Lawi anayankhula zonse: bango, mpeni, mpendero, munda. Msika unangoti zii, moti kunkamveka wailesi ya kumalo ometera tsitsi kutsidya kwa msewu.

"Nkhalamba yapenga iyi!" anakuwa Chakufwa. "Aigula ndi ndalama za obwera awa!"

"Muli ndi njinga yamoto, a Mwangonde?" anafunsa Ipyana. "Lachisanu masana munali kuti?"

"Kumunda!"

"Bodza," anatero Eliness, mawu ali pansipansi. "Lachisanu munati mukupita ku Boma kukafunsa za kalata ya imfa. Munabwera chimanjamanja, akuti ofesi inali yotseka. N'chifukwa chake ndabwera ndekha lero." Anadzuka pang'onopang'ono. "Alamu, amuna anga anapempha chinthu chimodzi chokha. Chimodzi! Inu n'kuwagoneka pa kachidutswa ngati chopondera pakhomo, yotsalayo n'kukagulitsa? Ndiye ine mwandisandutsa wopha anthu?"

Gulu la anthu lili ngati ng'ombe za pangolo, kumene zatembenuzidwira ndi komweko. Maso onse amene ankayang'ana chitseko anatembenukira kwa bambo wa jekete lakuda. Mwala woyamba unamumenya paphewa. Wachiwiri unaphonya. Wina anakuwa kuti petulo watsala m'chigubu.

Ipyana anathamanga kuti amugwire, koma anthu anali atatseka kale mbali zonse. Chakufwa anayang'ana uku ndi uku. Njira inali imodzi yokha. Anakwera khonde lonyowa lija, n'kuterereka, n'kudzuka, n'kuyamba kumenya chitseko chachitsulo ndi zikhatho zonse ziwiri.

"Amama! Amama, tsegulani! Andipha! Chonde, amama!"

Ipyana anafika pakhonde n'kutembenukira gulu, manja atatambasula. Mtima unkamuuza kuti Jamila asatsegule. Akatsegula, anthuwa atentha sitolo pofuna munthu ali m'katiyo, ndipo ntchito yonse ya tsikulo ithera m'phulusa. Komanso akapanda kutsegula, munthu afera pamapazi ake. Mnyamata wina wamtali kutsogoloko anali atatulutsa kale bokosi la machesi.

Kumbuyo kwake loko analira. Chitseko chinatseguka pang'ono, dzanja la chibangili linatuluka n'kukokera Chakufwa m'kati ndi kolala ya jekete, chitseko n'kutsekekanso.

"Atuluke! Tenthani!"

Apa m'pamene Eliness anakankha anthu n'kukwera khonde. Anakhala pansi, papetulo pomwepo, msana atatsamira chitseko, miyendo atawongola ngati ali pamaliro.

"Ndinayambitsa ndine m'mawa," anatero. "Woyatsa ayatse. Ana anga mukawalere ndinu."

Wa machesi uja anayang'ana mayi wa zakudayo, chitenje chikumwa petulo. Anayang'ana Ipyana, amene anamutchula dzina lake, la bambo ake ndi la mpingo wake. Dzanja linatsika. A kumbuyo anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana kumbali ngati anangodutsa pomwepo popita kogula tomato. Ipyana anawayang'ana akupita, ndipo analakalaka akanakhala ndi maunyolo okwanira msika wonse.

Eliness anatembenuza mutu n'kuyankhulira pampata wa chitseko.

"Amayi, pepani. Sindinadziwe."

"Pepani wanuyo kamuuzeni mwamuna wanga, amene mwamung'amba mutu," anayankha Jamila m'katimo.

Kenako kunamveka kukhwekhwereza kwa mapazi, munthu wamkulu akusisima ngati mwana, akufuna pokhala. Mawu a Jamila anatulukanso, osakweza, koma aliyense pakhondepo anawamva.

"Osati pamenepo. Khala pasimenti. Makapeti anga usawakhudze."